Khutu la Makanika

Zaka makumi awiri ndi zisanu ku Luwinga
ndinkapima injini ndi khutu.
Minibasi isanaime n'komwe pagalaja
ndinali nditamva kale chomwe chikuidya:
iyi ndi vavu, iyo lamba wafooka,
inayo mwini wake ndi wouma manja pa oyilo.
Ndinkagunditsa sipanala pachitsulo,
mbali inayo kukhutu kwanga,
injini n'kuulula zonse
ngati mwana wopezeka ndi shuga pamilomo.

Shuga wangayu anabwera mwaulemu.
Ludzu losatha m'mwezi wa Juni,
Mzuzu yense atafunda chifunga.
Kudzuka kanayi usiku kupita kuseri.
Buluku kuyamba kutsetsereka m'chiuno.
Ku Mapale anandibaya chala,
anandipatsa mapiritsi ndi kabuku,
anati samalani maso, samalani mapazi.
Za makutu, ngati ananena, sindinamve.

Zoyamba kuthawa zinali zazing'ono:
kulira kwa nati ikagwa pasimenti,
belu la kabaza kumbuyo kwanga pa Katoto,
mvula yowaza ya kuno ikamanong'oneza malata.
NyaMsowoya afunsa ali kuchipinda,
"Mwatseka?"
Ine ndiyankha kuti palibe choseketsa.
Ndinkati anthu a masiku ano amameza mawu.
Wailesi ndinaikweza mpaka aneba
anasiya kugula mabatire.

Kenako linafika Lachiwiri lija.
Chavula anabweretsa takisi yake,
ndinatchera khutu, ndinati ili bwino, pitani.
Suzgo, mnyamata amene ndinamuphunzitsa
ngakhale kagwiridwe ka jeke,
anati, "Bwana, muli kaphokoso."
Ndinamukalipira pamaso pa kasitomala.
Lachinayi galimoto inafera ku Chikangawa,
pakati pa mitengo ya paini,
muli mayi wodwala ndi ana awiri.
Suzgo sananene kanthu.
Anangotenga chingwe chokokera.

Ku Sentulo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga
ananditsekera m'kachipinda kopanda zenera.
Anati mukamva kulira mukweze dzanja.
Ndinakhala, manja ali pamaondo,
ndikudikira kuti ayambe.
Anali atayamba kalekale.

Anajambula papepala kanthu konga nkhono.
Anati aka kali mkati mwa khutu,
kamadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi
tochepa kuposa tsitsi.
Shuga akamakwera zaka ndi zaka
amatikukuta pang'onopang'ono,
nkhonoyo n'kumagona ndi njala.
Ndinati, mwanawe, usavutike,
ndikudziwa chimene chimachitika
kapaipi ka mafuta kakatsekeka.
Ndinafunsa ngati sipeya amapezeka.
Anapukusa mutu.
"Chapita chapita, bambo.
Tisunge chotsalachi.
Mwinanso si shuga yekha:
phokoso la pagalaja ndi zaka zanu
nazo zili ndi gawo."

Tsopano tiyi ndimamwa wowawa.
Fanta wa masana ndinamusudzula.
Kuchoka ku Chibavi ndimayenda wapansi,
akabaza akundiseka kuti ndaumira.
Kamakina ka m'khutu ndinalembetsa,
akuti ndidikire, mndandanda ndi wautali.

Pagalaja ndimaika chikhatho pa injini.
Kunjenjemera kumanena zake,
koma sikunena zonse.
Zotsalazo ndimafunsa Suzgo.
Tsiku loyamba mawu anandikakamira pakhosi
ngati bawuti ya dzimbiri,
koma anatuluka:
"Ukumva chiyani?"
Iye anatseka maso monga ndinkachitira ine.

Kunyumba NyaMsowoya anasiya kukuwa ali kukhitchini.
Amabwera, n'kuima patsogolo panga,
n'kulankhula ndikumuona milomo.
Zaka makumi atatu tili limodzi,
dzulo ndi pomwe ndinaona
kuti akamanena dzina langa
nsidze yake yakumanzere imakwera.

Usiku uno kukugwa mvula.
Ndikuiona pagalasi la zenera.
Ndamufunsa ngati ikulira kwambiri.
Wagwira dzanja langa,
zala zake zikugogoda pachikhatho,
pang'ono, pang'ono,
kenako mofulumira.